Mwana Wathu Walembedwa m'Buku Liti? Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Bungwe ku Lifuwu

 Tiyamika kuti mwatilola kuimirira pamaso panu lero, ife amene sukulu yathu inathera pa Sitandade 6 ku mishoni, ndipo nchito yathu ndiyo kulemba ndi kusunga makalata a anthu ena. Kapena wina afunsa mumtima mwace kuti, Munthu wosalowapo m'koleji adzanena ciani za koleji? Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lathu ndi ili: makalata oitana ana anu ku sukulu zazikuru afika m'manja mwathu kuti tiwawerenge ndi kuwamasulira, ndipo mapepala amene anawo abwera nao potsiriza tiwaonanso ndife pamene ayamba kufuna nchito. Taona kalata yoyamba, taonanso pepala lotsiriza, ndipo kawiri kawiri pepalalo silinali cimene makolo anayembekeza pogulitsa zao. Cifukwa cace tapempha nthawi iyi.

Tiyambe ndi cimene cinagwa pa mbumba yathu ya ife eni, kuti pasakhale wina woyesa kuti tirikuseka tsoka la mnzathu. Mwana wa mlongo wathu analemba mayeso a Fomu 4 napambana, koma dzina lace silinaturuke pa mndandanda wa osankhidwa kunka ku yunivesite. Itapita miyezi inafika kalata yocokera ku koleji ina ya mu mzinda, imene sitiichula dzina, yokhala ndi cidindo cokongola pamwamba, yonena kuti malo alipo. Mbumba inasonkhana, ndipo ife monga malume ace tinawerenga kalatayo pamaso pa onse. Tinaona mau akuti koleji, tinaona mtengo wa fizi ndi tsiku loyambira, koma mau ena ang'ono a m'munsi tinawalumpha cifukwa ca cimwemwe. Tinagulitsa mpunga wa caka cimeneco usanakwere mtengo, ndi mbuzi za amai ace pamodzi. Mnyamatayo anapita, nalowa pa cipata cimodzi ndi ana a digiri, namva ena mwa aphunzitsi omwewo, nadzaza makope ace. Pobwera ku chuthi analankhula Cingerezi cakuti tonse tinanyada naco. Itatha miyezi yace anampatsa pepala lolimba, la mizere yonyezimira m'mbali. Ndipo pamene anapita nalo kukafuna nchito, mlembi wa kumeneko analiyang'ana nati, Pepala ili linena kuti munafikako. Nanga lonena kuti munapambana liri kuti? Pomwepo tinafunafuna kalata yoyamba ija m'bokosi, ndipo tinapeza kuti mau tinawalumphawo ndiwo anali eni nkhani. Anati short course, natinso certificate of attendance. Kolejiyo sinatinamize iai. Tinadzinamiza tokha, ndipo wowerenga kalatayo tinali ife amene tirikulankhula pano. Safunsa anadya phula.

Nkhani yace ndi yakuti pa sukulu imodzi pakhala ophunzira a mitundu iwiri, ofanana pa maso koma osiyana m'buku: ena alembedwa kuti afuna digiri, ena alembedwa kuti adzaphunzira kanthu ndi kubwerera. Pano pa Lifuwu sitisowa cofanizira, pakuti tidziwa mpunga. Nthawi yookera, mwini munda ndi waganyu aima m'matope amodzi, madzi awafika pamodzimodzi, misundu iwaluma onse awiri, dzuwa liwaocha mofanana, ndipo mlendo wopita pa mseu sangathe kunena kuti mwini ndi uyu. Koma pa tsiku lomweta ndi kupuntha, thumba la Faya kapena Kilombero lilowa m'nyumba ya uyo amene dzina lace lidziwika pa mundawo. Waganyu walandira kale zace, ndipo sanaberedwe, pakuti anapangana cotero. Cisoni cifika pokhapo pamene munthu wagwira nchito nyengo yonse alikuyesa kuti munda ndi wace, pamene pangano linali la ganyu.

Wophunzira wa digiri ndiye amene yunivesite yamlandira kuti ayende njira yonse, kuyambira caka coyamba kufikira cotsiriza, ndipo yapangana naye kuti akapambana mayeso onse a m'njiramo idzampatsa digiri. Khomo la njira imeneyi liri lopapatiza. M'dziko lathu mwana ayenera kukhala ndi satifiketi ya MSCE, ya mayeso a bungwe la MANEB, ndipo m'menemo akhale ndi ma credit 6, limodzi la iwo likhale la Cingerezi. Credit ndiko kupambana phunziro ndi nambala ya 6 kapena yocepera pamenepo, pakuti m'mayeso amenewa 1 ndiye mfumu ndipo 9 ndiko kulephera. Potero mwana akhoza kutenga satifiketi ya Fomu 4, mudzi ndi kubvina, koma iye osafika pa muyeso wa yunivesite. Ngakhale wofika pa muyesowo salowa yekha, popeza ofuna acuruka koposa malo, acita kusankhidwa. Kusankha kwa ana a ku mayunivesite a boma kuyendetsedwa pamodzi, kudzera m'bungwe la National Council for Higher Education, limene ambiri alidziwa ndi dzina lalifupi la NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2011. Mayunivesite a bomawo ali 6: University of Malawi ku Zomba, imene lamulo lace linaikidwa mu 1964 niyamba kuphunzitsa mu 1965, MUBAS ku Blantyre ndi KUHeS ya zacipatala, zimene zinapatuka kwa iyo mu 2021, LUANAR ya zaulimi, imene ife alimi tiidziwa ndi dzina lakale la Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Aliponso ena a mipingo ndi a anthu wamba, amene alandira ana mwa njira yao.

Wolandiridwa apatsidwa nambala yace, ndipo dzina lace lilembedwa m'kaundula pansi pa digiri yakuti yakuti. Kuyambira tsiku limenelo sasankha maphunziro monga munthu asankhira nsomba pa doko. Pali mndandanda woikika umene ayenera kuutsata, cokoma ndi cowawa comwe. Malikisi ace onse asungidwa caka ndi caka pa pepala limene alicha transcript. Akalephera abwereza, akalephera kopyola muyeso acotsedwa. Digiri zambiri zitenga zaka 4, za udokotala ziposa pamenepo. Potsiriza akuru a yunivesite akhala pansi, nayesa maina ndi malikisi, nabvomereza. Ndipo pamenepo ndi pamene munthuyo achedwa mwini digiri.

Wophunzira wosalembedwera digiri ali ndi maonekedwe angapo. Wodziwika koposa kwathu kuno ndiye wa short course, maphunziro a masabata kapena miyezi yowerengeka, a kompyuta, a kusunga mabuku a ndalama, a kuweta nkhuku kapena nsomba. Makoleji ambiri, a boma omwe, ali nao maphunziro otere, ndipo kawiri kawiri safunsa ma credit 6, afunsa fizi. Wina ndiye amene alowa m'kalasi ya ana a digiri kudzatenga phunziro limodzi kapena awiri okha. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa nchito, munthu wotere amucha occasional student, ndiko kunena wodzera, ndipo ku yunivesite ya UNISA alemba pa dzina lace mau akuti non-degree purposes, kutanthauza kuti sanadzere digiri. Uyu ndiye waganyu weniweni wa m'fanizo lathu, pakuti akhala pa mpando woyandikana ndi mwana wa digiri, alemba mayeso omwewo, kapenanso ampambana. Koma caka cikatha mnzace akwera, iye abwerera. Alipo winanso wololedwa kumvera kokha, wosalemba mayeso konse. Onsewa sukulu iwalandira ndi manja awiri, koma iwalandira monga alendo, ndipo mlendo ndi mame.

Tsono pali zinthu zimene anthu a kumudzi tiziyesa zizindikiro, koma siziri zizindikiro konse, ndipo tifuna kukhalitsapo pang'ono pamenepa. Kugona m'nyumba za koleji sikumpanga munthu kukhala wa digiri, ndipo kugona kunja m'cipinda ca lendi sikumcotsera kanthu. Ana ambiri a digiri agona kunja cifukwa malo ogona acepa. Kudzilipirira wekha fizi sikusintha dzina la pepala lako. Ngakhale kukhala kutali ndi sukulu sikuli kanthu: LUANAR ndi Mzuzu University ali ndi njira imene aicha ODeL, yophunzira munthu ali kwao ndi kupita ku sukulu nyengo zoikika zokha, ndipo wolembedwera digiri m'njira imeneyo ali mwana wa digiri wathunthu, angakhale timuona kuno ku nyanja masiku ambiri a caka alikukonza ukonde. Cimeneci sicinayambe dzulo. University of London inatsegula digiri zace mu 1858 kwa anthu osakhala m'makoleji ace, malinga apambane mayeso. UNISA inayamba kuphunzitsa ndi makalata a pa positi mu 1946. Ndipo Nelson Mandela analandira digiri ya malamulo ya UNISA mu 1989 ali m'ndende. Iye sanakhale pa mpando wa m'kalasi, koma dzina lace linali m'buku. Mkanjo womwe ndi cisoti ca ngondya zinai sizinena kanthu, pakuti zibwerekedwa. Taona zithunzi zopacikidwa m'nyumba, za anthu obvala mkanjo atatha masabata owerengeka, ndipo sitiwadzudzula, cifukwa tsiku lokondwa ndi lao. Koma wolemba anthu nchito sayang'ana cithunzi.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yowawa koposa, ndipo tiitenga ku England. M'caka ca 1890 namwali wina dzina lace Philippa Fawcett, wa ku Newnham College, analemba mayeso a masamu a ku Cambridge, napambana amuna onse, ndi uyo yemwe anaikidwa woyamba pa mndandanda. Koma digiri sanampatse, popeza m'masiku amenewo akazi analoledwa kumvera aphunzitsi ndi kulemba mayeso, osaloledwa kukhala ziwalo za yunivesite. Oxford inayamba kupatsa akazi digiri mu 1920, ndipo Cambridge sinawalandire monga ziwalo zenizeni kufikira 1948. Kumeneko kunali kukondera koipa, ndipo tiyamika kuti ana athu akazi lero alandira digiri ku Zomba ndi ku Bunda pamodzi ndi alongo ao. Koma taonani, mafumu athu: ngati nzeru zopambana amuna onse a ku Cambridge sizinathe kusandutsa mlendo kukhala mwini, khama la mwana wathu silidzasandutsa short course kukhala digiri. Cimene citsegula khomo ndi kalembedwe ka dzina pa tsiku loyamba.

Komatu musatimve molakwa, ngati kuti tirikunyoza maphunziro opanda digiri. Tingawanyoze bwanji ife a Sitandade 6? M'zaka za m'ma 1930, ku sukulu ya Jeanes ku Domasi, mafumu a dziko lino anaitanidwa kukakhala miyezi yowerengeka, naphunzira za ukhondo wa m'midzi, za ulimi, ndi za kusamala nchito ya ufumu. Palibe mmodzi wa iwo anabwerako ndi digiri, ndiponso palibe anapitira digiri. Anapita alikudziwa cimene akatenge, nabwera naco. Pano pomwe, pa siteshoni ya kafukufuku wa mpunga ya Lifuwu, mlimi wophunzira kusankha mbeu ndi kuokera m'mizere apindula m'munda mwace caka comweco, osafunsa pepala. Mlembi amene ali kale pa nchito, koma asowa luso la kompyuta, alibe zaka 4 zotaya. Miyezi iwiri imkwanira. Mphunzitsi wokhala nayo kale digiri, wofuna phunziro limodzi latsopano, adzalembetsa monga wodzera ndipo acita bwino. Mai wogulitsa usipa wofuna kudziwa kulemba zolowa ndi zoturuka, maphunziro a masabata ndiwo ace enieni. Onse amenewa agula khasu alikudziwa kuti ndi khasu. Tsoka liri kwa banja logula khasu pa mtengo umene likadayamba nao kugula ng'ombe, nilingalira kuti m'khola muli ng'ombe.

Pakati pa awiriwa pali wacitatu amene asokoneza anthu ambiri, ndiye wa dipuloma kapena wa satifiketi ya mayeso. Uyu sali wa digiri, komanso sali mlendo. Walembedwa m'buku kuti ayende njira yathunthu, yaifupi koposa ya digiri, ndipo pa mapeto pace pali mayeso ndi pepala la wopambana. Alangizi ambiri a zaulimi amene atiyendera m'minda anaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe, imene tsopano iri mbali ya LUANAR, ndipo dipuloma yao ilemekezedwa pa nchito. Kufupi ndi ife ku Senga Bay kuli Salima Technical College, kophunzitsa maluso a manja, ndipo maphunziro a mtundu umenewu ali ndi bungwe lao lowayang'anira, TEVETA, loyambika mu 1999. Mwana woturuka kumeneko ndi pepala la mayeso ali mmisiri wodziwika. Koposa apo, dipuloma yocokera ku sukulu yobvomerezeka ikhala makwerero, pakuti mayunivesite ali ndi khomo lina limene alicha mature entry, lolowera akuru okhala ndi dipuloma ndi zaka za pa nchito. Cotero mwana amene dzina lace silinaturuke pa mndandanda woyamba sanatsekeredwe kunja kosatha. Tikadadziwa cimeneci caka cija, ndalama za mpunga ndi mbuzi zikadalowa pa njira yokhala ndi makwerero.

Pali mau ena amene timawamva kawiri kawiri m'midzi, akuti, Ayambe walowa, akakhala m'katimo adzamsandutsa wa digiri. Mau amenewa ataitsa ndalama zambiri. Wodzera wofuna kukhala wa digiri ayenera kupempha malo mwatsopano monga munthu ali yense, ndipo ayesedwa ndi muyeso womwe uja wa ma credit kapena wa dipuloma. Kukhala kwace m'katimo sikumpatsa ufulu wolumpha mzere. Nzoona kuti mayunivesite ena, akamlandira, amwerengera maphunziro amene anapambana ali wodzera, kuti asawabwereze. Koma awerengera mwa kufuna kwao, ndipo ambiri aika malire a cimene angawerengere. Wa short course yopanda mayeso alibe ndi kanthu komwe kowerengera, popeza malikisi palibe. Cimodzimodzi ndi maphunziro okonzekeretsa amene sukulu zina zicititsa kwa ana operewera pang'ono: ena atsegula khomo ndithu, ena angomfikitsa mwana pa khomo. Wina akalonjeza ndi pakamwa kuti adzamlowetsa, mpempheni alembe lonjezolo pa pepala la sukulu ndi kuikapo cidindo. Akakana kulemba, mwamva yankho.

Liripo funso linanso limene liyenda pamodzi ndi ili. Sikukwanira kuti mwana walembedwera digiri; tifunsenso kuti digiriyo aibvomereza ndani. Bungwe la NCHE lija liri ndi nchito yolembetsa ndi kuyesa sukulu zazikuru, ndipo lifalitsa maina a sukulu ndi a maphunziro amene lawabvomereza. Zindikirani kuti sukulu ikhoza kukhala yobvomerezeka, koma phunziro lina la m'sukulu yomweyo osabvomerezeka. Muyang'ane maina onse awiri. Kuti pepala liyesedwa ndi eni malo amene upita nalo, cinamgwera ngakhale Dr. Hastings Kamuzu Banda. Analandira digiri ya udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, koma kuti agwire nchito ya udokotala m'maiko a ulamuliro wa Britain anayenera kupitanso ku Edinburgh, kumene analandira mapepala a kumeneko mu 1941. Ngati munthu wa digiri yeniyeni anabwerera pa mpando wa sukulu cifukwa ca kusabvomerezeka kwa pepala, nanga mwana wathu wa pepala la sukulu yosadziwika adzaima pati?

Tifike pa ndalama, pakuti pamenepa ndi pamene pawawa. Boma linakhazikitsa mu 2015 bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osauka a m'sukulu zazikuru, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ngongole imeneyi ifunsa kuti mwana akhale wolandiridwa m'njira yathunthu ya maphunziro pa sukulu yobvomerezeka; wa masabata ndi wodzera saipeza, ndipo fizi yonse, lendi ndi cakudya zigwa pa mbumba. Ndiponso ndi ngongole, si mphatso. Idzabwezedwa mwana akatsiriza, ndipo woibweza atsegulira njira mng'ono wace. Pa nchito napo kusiyana kuli komweko. Malo a nchito akalengezedwa, m'boma kapena m'makampani, alemba poyera kuti afuna digiri, kapena dipuloma, kapena MSCE, ndipo mapepala a kufikako, angakhale khumi, sakwana kulowa m'malo mwa limodzi la amenewa. Akhoza kumthandiza munthu kupambana mnzace wofanana naye, koma samkweza pa muyeso umene alibe. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene atuma ndalama kuno ndipo ena a iwo aphunzira usiku atawerukako ku nchito, tiwalembere kuti ayang'ane pa pepala lao lolembetsera ngati palembedwa dzina la digiri kapena mau aja akuti non-degree purposes, asanathe zaka alikuyesa kuti alikukwera.

Tsopano titembenukire kwa inu mafumu, ndi ulemu wonse. Ife alembi tiona kalata pokhapo munthu akabwera nayo, koma inu mumva nkhani isanafike kwa ife, cifukwa banja lofuna kubwereketsa munda wace, kapena kuuika pa pinyolo, kapena kugulitsa ng'ombe ndi bwato kuti lipeze fizi, lifika kwa inu kuti mukhale mboni. Munda wa mpunga wopita pa pinyolo subwera msanga, ndipo ana otsala m'nyumbamo adya cocepa zaka zimenezo. Sitikupemphani kuletsa munthu kuphunzitsa mwana wace, iai. Tikupemphani kuti musanaike dzanja lanu pa pangano lotere, mufunse kuti kalata ya sukulu ibwere pa bwalo, iwerengedwe yonse kufikira mau ang'ono a m'munsi. Pofunsa, funsani kuti pa mapeto mwanayo adzalandira pepala lochedwa ciani, ndipo dzinalo lilembedwe lonse monga lidzaonekera pa pepalapo. Funsani kuti maphunzirowo atenga nthawi yotani, ndi kuti pali mayeso a malikisi kapena iai. Funsani ngati sukuluyo ndi phunzirolo ziri pa mndandanda wa NCHE, kapena pansi pa TEVETA ngati ndi za maluso a manja. Mwana ali yense wokhala ndi foni ya intaneti akhoza kukuonetsani pomwepo. Mukaona mau akuti short course, occasional, non-degree kapena attendance, dziwani kuti ndi ganyu wa maphunziro. Banja likaufuna cotero alikudziwa, adalitseni apite, koma mtengo wace ulingane ndi phindu lace, munda usapitirepo. Mfumu ikafunsa, palibe kholo licita manyazi, pakuti afunsa ndi mwini mudzi. Koma kalaliki akafunsa, ena ati ali ndi nsanje cifukwa iye analekera pa Sitandade 6, ndipo mau amenewo tawamvapo ndi makutu athu.

Ena a inu mudzafuna kudziwa kuti mnyamata wathu uja ali kuti. Ali kumudzi, ndipo zimene anaphunzira sizinatayike zonse. Ndiye alemba mabuku a gulu la amai ogula mpunga, ndipo alemba bwino kopambana ife malume ace. Caka cino walembetsanso mayeso a MSCE kuti akonze maphunziro amene anaperewera, ndipo maso ace ali pa dipuloma ya zaulimi. Mbuzi za amai ace sizinabwerere, ndipo mlandu umenewo tiusenza ndife.

Potero, akuru a pa mpando, tiika pamaso pa msonkhano mapempho awa kuti akambidwe. Loyamba, bungwe lisankhe anthu awiri odziwa bwino Cingerezi, mwamuna ndi mkazi, amene kholo liri lonse lingawatengere kalata ya sukulu popanda malipiro, makamaka m'miyezi yotsata kuturuka kwa zotsatira za Fomu 4. Laciwiri, mlembi wa bungwe asunge mndandanda wa sukulu ndi maphunziro obvomerezeka, ausinthe nthawi zonse pamene watsopano waturuka, ndipo mfumu iri yonse ilandire wace. Lacitatu, mau a lero awerengedwe pa misonkhano ya m'midzi nyengo yokolola mpunga isanafike, pamene ndalama ziri zisanalowe m'manja. Ife eni tiri okonzeka kuwerenga makalata Loweruka liri lonse masana, ndipo tipempha kuti tisawerenge tokha, pakhale wina wotiyang'ana m'munsi mwa kalata.  Tabweza mau ku mpando.